Buku la Zitsamba Ndalikonza Ndekha

Lolemba, 6 Okutobala
Tilipo atatu: ine, mkazi wanga ndi alamu anga. Patebulo pali buku la zitsamba lachingelezi, zaka zake zoposa mazana atatu, zithunzi zokhazokha. Ndaligula kuno ku Oakville, pafupi ndi Toronto, pomwe amagulitsa katundu wa mzungu womwalira. Madola 400, obwereka ku gulu lathu lakutchalitchi. Alamu akuti, "Okonda mabuku akale amalipira masauzande. Malata a amayi ndi amenewa." Nyumba ya amayi ku Ntcheu ikudontha, mvula ili pafupi.

Lachiwiri, 7
Mapepala 312, ong'ambika 17. Chikuto chachikopa chikununkha nkhungu. Anthu olemera chonchi osakutira buku! Kusukulu kwathu akanagwada panja tsiku lonse. Chithunzi china chikufanana ndi chisoso. Udzu wozula m'munda, aujambula ngati bwana.

Lachitatu, 8
Selotepi, madola 3. Guluu, 4. Pepala lakhaki, 2. Zonse 9. Ndikumata mong'ambika monse. M'mbali mosalingana ndikudula ndi lumo, motsatira rula.

Lachinayi, 9
Ndikusita mapepala opindika. La 88 lapsa pang'ono. Chikopa chonunkha chija, kubini! Dzina lozilala la mwini wakale ndamatapo pepala, ndalembapo langa ndi bolopeni. Mkazi wanga akuti, "Bambo a Chikondi, lawala ngati la mwana wa ahedi."

Lachisanu, 10
Sitima ya ku Toronto. Wogula mabuku akusamba m'manja asanaligwire. Akutsegula. Akukhala pansi. "Wachita izi ndani?" Ndikuyankha mwaulemu kuti ndine. Akuti ndalama inali pa chikopa, pa m'mbali zija ndi pa dzina lija. Lolemba akanandipatsa 5,000, lero 60. Munthu wophunzira, wa magalasi, akulirira nkhungu! Ndabwerera nalo.

Loweruka, 11
Ndikufukula bini. Galimoto ya zinyalala inadutsa dzulo, pa nthawi yake koyamba chaka chino. Alamu pafoni: "Ine ndinati mugulitse, sindinati muchape." Lolemba amanena kuti "buku lathu". Lero ndi "buku lanu lija". Amayi ndawauza ayambe agula pulasitiki wofolera denga.

Lamulungu, 12
Msungichuma wa gulu wandipatsa moni kawiri, akuyang'ana thumba langa. Mawa ndikalandira 60 ija kwa wokonda uve uja. Ndiipereka yonse. Ngongole yotsala: madola 340.