Dzimbiri la Dona wa ku Amereka

Lolemba

Mlamu wanga Layitoni, wosema ziboliboli ku Mua, wabwera ndi uthenga. Akuti kuli mzungu wa ku Amereka amene amasaka zinthu zakale za kwawo, ndipo Loweruka afika kudzaona zanga. Zanga! Zomwe anthu a pa Mtakataka akhala akundiseka nazo zaka zonsezi, kumanditchula "a Zitini".

Chuma changa ndi ichi:
zikwangwani zamalata zitatu, ndinazula sitolo ya mmwenye itatsekedwa;
zitini zisanu ndi chimodzi za mafuta achithandizo a chaka cha njala;
chotsekulira mabotolo chooneka ngati nsomba;
ndi Dona. Chikwangwani chachikulu, mayi wa tsitsi lachikasu akumwetulira, botolo m'manja.

Sukulu sindinapondeko ine, koma zilembo ndinaphunzirira pa malata amenewa. Loweruka adziwa.

Lachiwiri

Ndatulutsa zonse pabwalo. Mayo ine, dzimbiri! Tsaya la Dona lofiira ngati dothi la katondo. Mlendo aone zotere? Akanena kwawo kuti kuno ndife auve. Chakudya sichikulowa.

Chikwangwani chimodzi chikusowa. Ndachipeza: akazi anga, Nachisale, anatsekera chiboo cha khola la mbuzi. Akuti, "Chotsani, koma fisi akabwera mukagona pachiboopo ndinu." Ndachisiya. Sikuti ndi mantha ayi.

Lachitatu

Mchenga, phulusa, mandimu. Kukwecha kuyambira m'mawa. Zitini zikuwala ngati mbale za paukwati! Zilembo zachoka limodzi ndi dzimbiri. Kambendera ka nyenyezi kachokanso. Komabe zikuwala. Mtima uli m'mwamba.

A Chimtengo, anzanga a bawo, aima pampanda: "A Zitini, mwayamba ganyu yotsuka mbale?" Ine sindiyankha ana. Olo anandiposa ndi miyezi iwiri.

Lachinayi

Dona. Ndimati ndingopukuta tsaya lokha. Diso lamanzere lachoka. Ndakwechako lamanja kuti afanane. Tsopano alibe maso. Mphuno yatsala theka.

Nachisale: "Bambo, musiyeni mayiyo, wakulakwirani chiyani?"

Paja Layitoni anati ndisakhudze kanthu mpaka mlendo afike. Layitoni amasema mitengo, za malata adziwapo chiyani? Mlendo sumulandira ndi nkhope yosasamba.

Lachisanu

Njinga mpaka ku Golomoti kukafuna penti. Wofiira, woyera, ndi wakuda wotsala popaka bwato. Wachikasu kulibe, ndiye Dona tsitsi lake ndi lakuda tsopano.

Ndayamba kupaka. Maso atuluka aakulu ngati a kadzidzi. Mano ndachulutsa. Wofiira akuyenderera pachibwano. Galu wanga wamuona, wauwa kamodzi, wathawira pansi pa nkhokwe. Amayi opita kumjigo akulambalala, wina akuti, "Kodi kwa a Zitini kwatuluka gule?"

Penti sakuuma. Mlendo ndi mawa lomweli!

Loweruka

Jekete, kutentha konseku. Afika masana, mzungu ndi Layitoni. Mudzi wonse uli pampanda, a Chimtengo kutsogolo.

Mzungu wanyamula chitini, wachitembenuza, wachibweza pansi pang'onopang'ono ngati wamva uthenga wa maliro. Wafika pa Dona. Wamuyang'anitsitsa. Layitoni akumasulira motsitsa mawu: "Alamu, akufunsa kuti dzimbiri lapita kuti. Akuti dzimbirilo ndi penti wakale uja ndiye umboni woti n'zakale. Izi akuti zangokhala malata."

Malata!

Kenaka mbuzi yalira, mzungu watembenuka, waona cha pakhola chija. Chopindika, chamatope, dzimbiri lokhalokha. Wathamanga. Wagwada pa ndowe! Zithunzi, zithunzi, zithunzi. Akufunsa mwini wake amene wachisunga bwino chonchi. Nachisale, akupukuta manja pachitenje: "Ndine."

Ajambulidwa ataima pambali pake, mbuzi kumbuyo. Ine ndamugwirira mzungu chipewa.

Lamulungu

Kutchalitchi anthu akupereka moni kwa Nachisale ndi manja awiri. A Chimtengo akuti dzina lasintha, tsopano ndine "amuna a Mayi Zitini".

Chabwino. Dona ndamutsamiritsa kuseri kwa bafa, pomwe pamadutsa madzi. Zitini ndakwirira m'matope. Layitoni akuti mwina mzungu adzabweranso chaka china.

Dzimbiri loyamba lija linatenga zaka makumi anayi. Ine mawondo atha kale. Ndathirako kamchere pang'ono.