Fasitingi ya Azakhali Inandigwetsa Pamaso pa Kamera

Abale inu, sekani momasuka, ine nkhaniyi ndinasiya kale kupsa nayo mtima. Cholinga changatu chinali chabwinobwino, chopanda tchimo ngakhale pang'ono. Ndinkangofuna chithunzi chimodzi chokha choti nditumizire amayi anga ku Ntcheu.

Ndiyambe ndi chimene chinkandiwawa. Ine ndine namwino, ndinagwirapo ntchito m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo pano ndili pasukulu kuno ku Indianapolis, kuphunzira ntchito yogonetsa odwala akamachitidwa opaleshoni. Ndi sukulu yothothola tsitsi, munthu umawerenga mpaka kuiwala dzina lako. Koma kumvano kwa amayi kuli mayi wina wapakamwa amene anafalitsa kuti ana onse a ku America odzitcha anamwinowa ntchito yawo n'kusambitsa nkhalamba za azungu basi. Kusambitsa nkhalamba si ntchito yonyozeka, inenso ndinayambira komweko ndipo sindichita nazo manyazi, koma kayankhulidwe kakeko kanafika poti amayi anga anasiya kunditchula pagulu. Tsiku lina pafoni anatsitsa mawu n'kundifunsa kuti, "Alinafe, ungondiuza zoona mwanangu, ine sindiuza munthu." Zinandipweteka kwambiri, sindinama.

Ndiye sukulu yathu ili ndi tsamba la nkhani pa intaneti, pamene amalembapo za ophunzira amene achita bwino, awa akhoza mayeso aakulu, awa akaonetsa kafukufuku wawo kumsonkhano, zotero. Tsiku lina aphunzitsi athu aakulu, mayi wamtali amene sindinaonepo mano ake chiyambire sukulu, anandiitana n'kundiuza kuti m'kalasi mwathu ine ndi amene ndapambana pa luso lolowetsa kapayipi kopumira pakhosi pa wodwala. Anati Lachisanu likudzalo kuli tsiku la mabanja, ndidzalandira mphotho, ndidzaonetsa lusolo pa chidole chophunzirira alendo akuona, ndipo wojambula adzakhalapo kuti nkhaniyo ituluke patsamba lija. Mayo ine! Chithunzicho ndinachiona kale m'mutu, ine nditavala za ku fiyeta kochitira opaleshoni, chitsulo chounikira kukhosi m'manja, makina kumbuyo, amayi akuyendetsa foni benchi ndi benchi kumvano.

Kulakwa koyamba kunali kuimbira azakhali anga ku South Bend. Awa ndi alongo awo a malemu bambo anga, ndiwo anandilandira nditangofika kuno, kundidyetsa, kundigulira jekete yoyamba yachisanu, ndiponso ndiwo amatsogolera mapemphero a amayi kutchalitchi cha a Malawi kumeneko. Munthu wotere ungamuyankhe kuti ayi? Nthungululu imene anaimba pafoni inanditseka khutu, kenako mawu anasintha.

"Mwana wanga, pamene pali madalitso mdyerekezi amapaka galimoto pafupi. Tilowa fasitingi. Kuyambira Lachitatu madzulo mpaka utamaliza kujambulidwa."

"Yakumwa madzi, Anti?"

"Ya drayi. Zinthu zazikulu sizifuna fasitingi ya ana a Sande sukulu."

Tsono ine amene tsiku ndi tsiku ndimafunsa odwala kuti adya liti, amwa liti, ine amene ndimadziwa bwino chimene chimachitikira thupi likauma, ndinangoti, "Chabwino Anti." Mumtimamu ndinkati South Bend ndi kutali, pakati pathu pali minda ya chimanga yosatha, adzandiona ndani ndikudya?

Lachitatu madzulo ndinangomva kugogoda panyumba yanga ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis momwemuno. Kutsegula, ndi azakhali, chikwama paphewa, kumbuyo kwawo mnzawo wa mapemphero, mayi Nachisale, atanyamula miphika. "Tatenga maofu," anatero azakhali akuvula nsapato. "Fasitingi ya wekha imachuluka mayesero, ndiye tabwera tidzakusapote." Matiresi awo anayala pabalaza, mutu kuloza ku firiji.

Lachinayi m'mawa ndinayesa nzeru yotsuka mano ndikumeza timadzi ta pampopi pang'onopang'ono. Sindinafike patali, chitseko cha bafa chinagogodedwa. "Iwe, mano ako ndi angati kodi?" Kusukulu nako mwayi unalipo. Mnzanga wa m'kalasi, Tyler, mnyamata wokoma mtima amene amayenda ndi chakudya chokwanira mudzi, anandipatsa nthochi. Ndinailandira, ndinaisenda, ndiye ndisanalume foni inalira. Azakhali anatumiza chithunzi chawo atagwada pakapeti yanga, maso ali chotseka, pansi atalemba kuti akundimenyera nkhondo. Munthu wamkulu, wa bipi, akusala chifukwa cha ine, ine n'kumadya nthochi? Ndinam'bwezera Tyler nthochi yake yosendasenda, iye n'kungondiyang'ana osamvetsa.

Lachisanu ndinadzutsidwa ndi fungo. Amayi awiri aja anali akukazinga mandasi ndi nkhuku zoti tidzamasulire mwambo ukatha, akuimba nyimbo, osalawa ngakhale kachidutswa. Ine malovu analibe n'komwe oti ndimeze. Apa m'pamene ndinawonjezera uchitsiru wangawanga, umene sindinganamizire azakhali. Pofuna kuoneka bwino pachithunzi ndinali nditagula yunifolomu yatsopano yothina, ndiye kuti ikhale bwino ndinamanga mkati lamba uja wofinya mimba. Mimba yake iti? Munalibe kanthu mmenemo, koma ndinakoka mpaka ndowe yomaliza. Tinakwera galimoto ya azakhali, miphika kumbuyo ikununkhira, iwo akuyendetsa ngati ali pampikisano wa magalimoto kubwalo la Speedway, mpaka tinafika kusukulu m'tauni.

Chipinda chimene timaphunziriramo anachikonza ngati fiyeta yeniyeni. Pabedi pamagona chidole chachikulu ngati munthu, chimapuma, chimaphethira, mtima wake umamveka pa makina. Alendo amakhala kuseri kwa galasi n'kumaonerera. Ndinaona makolo a anzanga atakhala mwaulemu, pakati pawo azakhali ndi mayi Nachisale atavala zitenje zofanana, maduku atalunjika kumwamba. Ndinavala gauni pamwamba pa yunifolomu, chipewa, masiki, magolovesi, n'kuima pansi pa magetsi aja otentha ngati mbaula. Wojambula anati asanayambe atengeko zoyeserera. "Imani choncho, musagwedezeke. Tibwerezenso. Tembenukani pang'ono. Tibwerezenso." Ine chiimire, mawondo gwa, kumwetulira mkati mwa masiki momwe palibe amene akuona.

Nditayamba kufotokozera alendo za chitsulo chimene ndinagwira, m'makutu munayamba kulira ng'wiii. Thukuta lozizira linatsika pamsana. Kulira kwa makina kunayamba kumveka ngati kuli kutsidya kwa msewu. Ndipo chopweteka n'chakuti zizindikiro zonsezo ndinkazidziwa, ndinkaziwerenga m'mutu chimodzichimodzi ngati ndili pamayeso, ndi yankho lake ndinkalidziwa: ukhale pansi, uuze anzako. Koma ndikhale pansi pamaso pa kamera? Amayi ku Ntcheu akayendetse chithunzi cha munthu wokhala pansi? Ndinati ayi, katsala pang'ono, ndipirira.

Ndinatsegula pakamwa pa chidole, ndinalowetsa chitsulo, ndinawerama kusuzumira kukhosi. Kunali mdima. Ndinati mwina kababu ka chitsulo kazima. Mdima uja unakula, unadzaza chidole, unadzaza bedi, unadzaza chipinda chonse. Akuti ndinayamba ndagwetsa nkhope pachifuwa pa chidolecho ngati ndikuchilira maliro, kenako n'kutsetsereka mpaka pansi, phi, chagada.

Potsegula maso ndinapeza miyendo yanga ili pampando, mutu pansi, pamwamba panga nkhope za anzanga zitandizungulira. Mukuganiza kuti anali ndi chisoni? Maso awo ankawala, abale! Anthu atopa ndi chidole miyezi yonseyi, lero Mulungu wawagwetsera munthu weniweni. Tyler wagwira mkono akuwerenga kugunda kwa mtima, wina akundimanga cha bipi, wina akundibaya chala kuti ayeze shuga, awiri akulimbirana kundiveka masiki ya mpweya. Mtsikana wina anafuula kuti pali chimene chikundithina pamimba, ndiye ndisanatsegule pakamwa sizasi inali italowa kale. Anadula yunifolomu yanga yatsopano, anadula lamba, n'kumukweza m'mwamba kuti aphunzitsi aone. Alendo onse kuseri kwa galasi anaona nawo.

Kenako chitseko cholembedwa kuti alendo asalowe chinatseguka mwamphamvu. Azakhali! Chitenje atamangira m'chiuno, botolo la mafuta odzozera m'manja. "Tapatukani! Ndikumudziwa amene wachita zimenezi!" Anakankha Tyler ndi chigongono, anagwada, n'kundithira mafuta pachipumi osayeza, mpaka anayenderera m'maso ndi m'makutu. Anayamba kudzudzula mizimu m'Chichewa, wa nsanje, wa kubwerera m'mbuyo, wa kumudzi, wa kuno komwe, uku mayi Nachisale ali pakhomo ayambitsa kolasi akuomba m'manja. Anzanga anangoti kakasi, wa shuga uja chala changa chikadali m'manja mwake.

Aphunzitsi aakulu sanakweze mawu. Anagwada mbali inayo n'kufunsa funso limene tonse timafunsa wodwala aliyense: "Wadya kapena kumwa liti komaliza?"

Ine ndinatseka maso msangamsanga kuti azione ngati ndakomokanso. Koma azakhali anadzutsa mutu, n'kuyankha m'Chingerezi chawo cha pa Sabata, monyadira ngati akulengeza kuti mwana wakhoza mayeso: "Lachitatu! Ngakhale dontho la madzi. Mwana ameneyu ndi wolimba pa zauzimu."

Chidole chinangopitiriza kupuma pabedi. Ndinasuzumira ndi diso limodzi n'kupeza aphunzitsi akundiyang'ana.

"Alinafe, ndikuona kuti wadzuka. Tauza anzako, chimachitika n'chiyani munthu amene sanamwe madzi akaima nthawi yaitali pamalo otentha, atafinyidwa pamimba?"

Ndinayankha ndili chigonere, miyendo m'mwamba, mafuta akuyenderera. Ndinafotokoza zonse, za magazi otsalira m'miyendo, za bipi yotsika, za ubongo woperewera mpweya, osaphonya ngakhale chimodzi.

"Wakhoza," anatero. Ndipo tsiku limenelo ndinawaona mano.

Wina anathamanga kukatenga juwisi. Kapu ikufika pakamwa panga, dzanja la azakhali linaitchinga, iwo maso ali pa aphunzitsi. "Pepani madamu, fasitingi simasulidwa ngati mbuzi. Tipemphere kaye." Ndipo anapemphera, abale. Anathokoza chifukwa cha ulendo, anapempherera sukulu, aphunzitsi ndi mabanja awo, wojambula, odwala a m'zipatala zonse za Indiana, mvula ya ku Malawi, ine diso lili pa juwisi amene anali pafupi ndi mphuno yanga. Pa ameni ndinamwa ngati ngamila. Mphotho yanga ndinalandira nditakhala pa njinga ya odwala, nditafunda bulangete kubisa yunifolomu yong'ambika, pamene makolo a anzanga anali pamzere wa mandasi akufunsa mayi Nachisale kaphikidwe kake.

Sabata yotsatira nkhani inatuluka patsamba la sukulu. Mutu wake unali wotamanda ophunzira amene anathandiza mnzawo mwachangu ndi mwaluso atadwala mwadzidzidzi. Tyler anamutchula kawiri. Za mphotho yanga zinali kumunsi kwenikweni, mzere umodzi, pafupi ndi chilengezo cha malo oimika magalimoto. Komabe ndiwayamike asukulu, anandisungira ulemu. Sanalembe kuti wodwalayo anali ndani, ndipo anasankha chithunzi chimene nkhope yanga sikuoneka, kumangooneka anzanga atawerama ndi miyendo iwiri ili pampando. Ndinapumira m'mwamba. Ndinati chithunzi cha amayi ndidzapeza china, ichi chifere konkuno.

Ndinaiwala kuti azakhali nawo amadziwa kugwiritsa ntchito foni. Anatenga chithunzicho, anazunguliza miyendo ija ndi mzere wofiira, anajambulapo muvi, n'kulemba kuti, "Uyu ndi Alinafe wathu, watuluka mu nyuzi ku America, mdyerekezi wachita manyazi." Anatumiza kugulu la amayi a ku South Bend, kugulu la a Malawi a ku Indianapolis, kugulu la banja, ndipo dzuwa lisanalowe chinali chitafika ku Ntcheu.

Amayi anaimba foni. Kumbuyo kwawo ndinkamva anthu ambiri, mvano wonse unali utabwera kudzawazonda poganiza kuti ndili kayakaya. Ndinawakhazika mtima pansi, ndinalumbira kuti ndili bwino, ndinafotokoza zonse kuyambira pa mphotho, kapayipi, chidole, fasitingi, mpaka juwisi. Za lamba zokha ndinadumpha. Anamvetsera osandidula mpaka ndinamaliza.

"Ndamva mwanangu, tithokoze Mulungu uli moyo. Koma undimasule pamodzi pokha, poti anthu andizungulira pano akudikira yankho. Kusukulu kwanuko, iwe ukuphunzira nawo, kapena anzakowo amaphunzirira pa iwe?"

Ndinalumbira tsiku lomwelo, ndipo inu mukhale mboni. Kusala sindinasiye, Mulungu sanandilakwire, koma ndizisala nditakhala pansi, kunyumba, kopanda wojambula. Ndipo tsiku limene ndidzamalize sukuluyi, azakhali adzamva nkhaniyo mwambo utatha, ine nditakhuta.