Mwala Woyera ndi Phazi Langa Lamanja

Mpaka lero ndikaona mwala m'njira ndimaulambalala. Phazi langa lamanjali linatsala pang'ono kundiphera mkazi, ndipo silinapepesebe.

Ine ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo (dzina lake ndisunga, ntchito ndikuifunabe). Ndine mkamwini. Malo amene tinkakhala ndi akuchikazi, kumunsi kwenikweni kwa mudzi, kuseri kwa nthochi, pafupi ndi kamtsinje kamene m'chilimwe ngakhale nkhuku imawoloka. Pamenepo ndinamanga nyumba ya njerwa zootcha ndi manja angawa. M'mudzi wa eni, nyumba imeneyo ndiyo inkandipatsa pakamwa.

Tsiku lina mvula isanayambe kunabwera a ku khonsolo, motsogozedwa ndi mayi wina wamagalasi woyankhula mofatsa. Anatisonkhanitsa pabwalo la sukulu kuti tijambule pansi mapu a mudzi wathu, tisonyeze tokha mmene madzi amafika akasefukira. "Ife tili ndi makompyuta," anatero, "koma mtsinjewu mumaudziwa ndinu." Phulusa linakhala mtsinje. Masamba a tiyi anakhala esiteti (linatha dengu lonse, mudzi wathu n'kutsala ngati chikhatho). Banja lililonse linaika mwala woimira nyumba yake. Akazi anga, mayi a Dalitso, anali kumaliro ku Goliati, ndiye mwala wathu ndinaika ndine. Ndinasankha woyera, wosalala, woti aliyense aone. Kenako anawaza fumbi lofiira la njerwa monse mmene madzi anafikapo kale, ndipo mwala wanga unapezeka pakati penipeni pa kufiirako.

Apa ndi pamene a Fayisoni, amene kale anali kapitawo wathu, anandikodola.

"Achimwene, mwaona? Ofiirawo ndi osamuka. Akakuchotsani, chaka chamawa tiyi wamera pakhonde panu."

"Zoona zimenezo?"

"Ine ndakalambira pa esiteti. Mapu sabwera chabe."

Inu a kwina mwina simungamvetse. Kuno munthu akatulutsa pepala n'kuyamba kufunsa malire, aliyense amaopa kulandidwa munda, chifukwa malo ndi ochepa ndipo tiyi watizinga mbali zonse. Ndinaona kale apongozi anga akundiloza chala kuti mkamwini wataya malo a makolo ndi mwala umodzi. Ndiye anthu atayamba kukangana za pamene pali chigayo, ine ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuyeza mitambo, phazi n'kuyamba ntchito. Ndinkafuna kuusuntha pang'ono chabe, ungotuluka m'fumbimo. Koma patapata anaterera. Mwala unagubuduka, kudutsa msewu, n'kukaima pamtunda pafupi ndi chitini chimene chinkaimira tchalitchi.

Mayi aja anali akujambula ndi foni, mnzawo akulemba maina. "Woyerawu ndi wa ndani?"

"Wanga," ndinatero, ngati munthu.

Amene anaona anangokhosomola. Kuno sitiululana pamaso pa alendo, ndipo tsiku limenelo ndinawathokoza mumtima. Kunyumba ndinafika ndikuyenda ngati loya. "Nkhani ya mapu ndakonza," ndinawauza mayi a Dalitso atabwerako. Atafunsa kuti ndakonza chiyani, ndinati ndi za amuna.

Patapita milungu ingapo mapu anabwera atasindikizidwa bwinobwino, n'kupachikidwa ku sukulu. Panalibe amene anasamutsidwa. M'malo mwake anakhazikitsa komiti, n'kuipatsa mawezulo ndi mndandanda wa nyumba zofiira, membala aliyense nyumba zake zoti akagogode madzi akayamba kukwera. Wapampando wake mukumudziwa? A Fayisoni, atavala jasi lamvula lachikasu lofika m'mawondo.

"Paja munati ofiira akusamuka?" ndinawafunsa.

"Ndinati mwina," anayankha, akupukuta wezulo.

Apa munthu wanzeru akanapita kukaulula. Ine manyazi anandiletsa. Mayi a Dalitso atadabwa kuti bwanji a komiti sakufika kwathu, ndinati, "Ife tili pabwino, mapu atero." Ndipo choipa kwambiri n'chakuti ndinalibwereza bodzali mpaka ndinayamba kulikhulupirira.

Mvula itafika pachimake inagwa masiku atatu osapuma. Tsiku lachitatu masana ndinali kumunda wa tiyi, nditadzikulunga pulasitiki, dengu kumsana. Ndinamva mawezulo akulira kumudzi ndipo (Mulungu andikhululukire) ndinati mumtima, "Ofiira avutika." Ndinathyolanso masamba angapo ndisanakumbuke kumene ndimagona. Dengu ndinalitaya pomwepo.

A komiti anagogoda nyumba zonse za pa mndandanda, anthu n'kuthawira ku tchalitchi. Kuseri kwa nthochi sikunapite munthu. Dalitso anali kusukulu, mwamwayi. Mayi ake anadzidzimuka madzi atalowa kale pakhomo, ndipo ndinawapeza atakakamira mtengo wa mapeyala, madzi ali m'chifuwa. Amene anawaponyera chingwe ndi a Fayisoni omwewo, atakumbukira mochedwa zimene anaona pabwalo paja. Nyumba yanga inagwa tikuiyang'ana, khoma limodzi kenako linzake.

Patatha masiku awiri mayi wamagalasi anabwera kudzalemba ogweredwa nyumba, m'kalasi ya kusukulu mmene tinkagona titachoka ku tchalitchi. Nditatchula dzina langa anayang'ana mapu, n'kundiyang'ana ine.

"Bambo, nyumba yanu ili pamtunda, pafupi ndi tchalitchi. Yagwa bwanji?"

"Mwina kompyuta inalakwitsa," ndinatero.

Anatulutsa foni n'kuyamba kufufuza zithunzi za tsiku lija, anthu ataunjikana kumbuyo kwawo. Chithunzi china chinaonetsa bambo wina atayang'ana kumwamba ngati akupemphera, mwendo uli patsogolo, mwala woyera uli paulendo. Ndinati anthu amafanana. Iwo anakulitsa chithunzicho mpaka kuphazi: patapata wabuluu, womangidwa ndi waya.

"Waya ameneyo ndinamanga ndine," anatero mayi a Dalitso.

M'kalasi monse palibe amene anaseka. Ndikanakonda akanaseka. Mayi aja anatilemba ndithu, sanatimane kanthu, anangonena motsitsa mawu kuti, "Bambo, ife timajambula zimene mwatiuza." Mawu amenewo anandipweteka kuposa mbama. Mayi a Dalitso anamanga kamtolo kawo, n'kugwira mwana padzanja.

"Ine ndikupita kwa mayi. Inu kagoneni m'nyumba yanu ya pamtunda ija."

Pano ndikugona kukomboni ya esiteti, pamkeka wa mnzanga. A Fayisoni akuyendabe ndi jasi lawo lachikasu, ndipo anthu akuwatama kuti anapulumutsa mkazi wa mwini. Ndimawakwiyira, inde, koma iwo anangonong'ona, phazi linali langa. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ine ndingowonjezera kuti sapitanso ku sukulu kukawerenga mapu.

Sabata yamawa a khonsolo akubweranso kuti tijambule mapu atsopano. Dzulo ndinapita kwa apongozi kukapempha kuti ndidzaikenso mwala wathu, pamalo pake penipeni, anthu onse akuona. Mayi a Dalitso anapitiriza kusankha nyemba, osadzutsa mutu.

"Mwala ndidzaika ndekha," anatero. "Dzina loti alembepo ndikuliganizirabe."