A Wailesi, Munthu Wolankhulira M'mitengo

Aliyense m'dera lino akuwakumbuka a Wailesi, odula mitengo aja amene pansi sankalankhula, koma akangokwera mumtengo pakamwa sipankatsekeka. Ukawapatsa moni panjira ankangogwedeza mutu. Koma avale lamba, akoleke macheka a injini m'chiuno, afike panthambi yachitatu, ee, ngakhale agalu ankaleka kuuwa kuti amve nawo.

Zingwe ankagwira ndi akazi awo, china chotsitsira nthambi, china choteteza a Wailesi eniakewo. Si ntchito yamasewera imeneyi. Nthambi yolemera ngati ng'ombe ikadulidwa pamwamba pa malata a eni, woitsitsa bwinobwino ndi amene ali pansi. Mayiwa ankakulunga chingwe pathunthu, n'kuponda mwamphamvu, nthambi n'kutera osaswa ngakhale mphika wa maluwa. Koma chinthu chimodzi chinkawawawa mumtima. Amuna awo ali m'mwambamo ankacheza ndi dera lonse, pomwe kwa iwo mawu anali a ntchito okhaokha: kokani, masulani, dikirani.

Tsiku lina akudula bulugama amene anaweramira nyumba ya telala, a Wailesi anazimitsa macheka.

"A telala! Thalauza la aphunzitsi munati latha lija ndikuliona pawindo, lili ndi mwendo umodzi!"

Aphunzitsiwo anali pomwepo, m'gulu la oonerera.

"Dulani mtengo, bambo, za thalauza zisiyeni!" anakuwa telala.

"Ndidula! Koma inu a golosale, thamangani! Mbuzi yalowa, yayambira pa sopo!"

Zinafika poti zikamveka kuti mawa a Wailesi akwera, dera lonse linkakonzeka. Kuseri kwa nyumba kunkasesedwa, zovala zong'ambika zinkachotsedwa poyanika, ndipo amene anajomba kuntchito ponamizira matenda ankagonadi m'nyumba, atafunda mpaka kumutu.

Akazi awo aja anayesapo mwayi kamodzi. Anali atamanga tsitsi latsopano, ndiye anaponya mawu m'mwamba.

"Bambo a ana, za ena mwanena. Nanga ine mukundiona bwanji kumeneko?"

A Wailesi anasuzumira pansi.

"Mwaima pogwera nthambi. Sunthani!"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Mayiwa anaseka nawo, koma kunena zoona zinawapweteka, ndipo sanafunsenso.

Kenako ukalamba unabwera ndi matenda ake. Miyendo inatupa, kuchipatala anati akapumulire kunyumba, ndipo a Wailesi anagona pabedi ali duu monga mwa masiku onse. Akazi awo akawafunsa ngati pali mawu, ankangogwedeza mutu. Mayiwa anaona kuti munthuyu apitadi osawauza kanthu, ndipo zimenezo sakanalola.

Anaitana alamu awo ndi anzawo a ntchito, n'kuuza ana kuti atulutse mpando.

"Amayi, mukufuna kuwapha ababa?" anafunsa mwana wamkulu.

"Imfa yabwera kale yokha, mwanawe. Ine ndikufuna kuwamva."

Anawamangirira pampandowo ndi lamba wawo wa ntchito, bulangete m'miyendo, chingwe n'kuchiponya panthambi ya mtengo wa mapeyala wa kuseri. Azibambo aja anathandiza kukoka, koma atafika m'mwamba mayiwa anati onse asiye, agwira okha. Dera lonse linali litadzaza pampanda. A Wailesi anayang'ana uku ndi uku, n'kutsokomola.

"Denga ili likufuna misomali."

Anthu anaseka misozi ili mbwembwembwe.

"Bambo a ana, manja akundipweteka," anatero mayiwa. "Palibe china?"

A Wailesi anawasuzumira.

"Mayi, ine m'mwamba ndimaopa, chiyambire. Kulongolola konse kuja kunali kwa mantha. Ndinkakwera chifukwa chingwe chinali m'manja mwanu. Akanagwira wina, ngakhale patebulo sindikanakwera."

"Nanga osanena kalekale bwanji?"

"Anthu ankamvetsera."

"Lero sakumva?"

"Lero nthawi ya manyazi ndilibe."

A Wailesi anamwalira sabata yomweyo.

Mitengo ikudulidwabe. Amabwera ndi anyamata a galimoto yokweza munthu m'mwamba, amadula mwaukhondo, n'kusesa utuchi, n'kumapita osanena za munthu. Palibe amene akuchita manyazi masiku ano, komanso palibe amene akuseka, ndipo tikamva macheka akulira sitituluka n'komwe. Tawasowa a Wailesi, ngakhale ife amene ankatiyalutsa.

Akazi awo ntchito ya zingwe anaisiya. Ukawafunsa za tsiku lija salira ayi, amafotokoza akumwetulira kuti anagwira mpaka mikono inayamba kunjenjemera. Amangodandaula kuti anawatsitsa msanga.