Tambala wa Aphunzitsi a Towera

Lolemba

Mwana wanga Towera wayamba sukulu ya ukachenjede. Basi sanakwere, belu sindinalimve. Wangokhala pakhonde, ndodo zake zoyendera watsamiritsa kukhoma, foni m'manja, akuti ali m'kalasi.

Mtima wanga suli m'malo. Chaka chija anamutenga ku koleji ya m'tauni anabwerako mwezi usanathe. Makalasi pamwamba, masitepe okhaokha, womuganizira panalibe. Ine ndimaona kuti chinavuta n'chakuti aphunzitsi sanaone nkhope ya kholo. Ulendo uno asamuiwalenso mwana wanga.

Tambala wanga wofiira ndi mphatso ya aphunzitsi. Ndam'manga kale mwendo.

Lachiwiri

Zofunika kudziwa:
amakhala kuti,
amapemphera kuti (ena sadya zinazake),
wamkulu ndi uti, tambala angapite kwa wolakwika.

Towera akuti, "Adada, ndi mayi, ndipo ali kunja kwa dziko lino." Kunja kwake kuti? Ngati ndi ku Lundazi, kungodutsa malire apa, njinga ilipo. Akuti n'kopita pa ndege. Ha! Nanga mawu awo akudzera pati kuti afike pakhonde panga?

Ndasuzumira mu foni. Muli timazenera, aliyense kake. Wina akuyamwitsa mwana. Wina ndi wa imvi ngati ine. Wina wavala za upolisi. Wina akuti saona, foni ndi imene imamuwerengera. Onsewa kalasi imodzi! Ndafunsa kuti wakhala kutsogolo ndi uti. Towera akuti kutsogolo kulibe. Ndiye kuti kumbuyonso kulibe? Izi zandikhala m'mutu tsiku lonse.

Lachitatu

Pa Jenda pokwerera mabasi, tambala kukhwapa.

Kondakitala: "Madala, tikam'tsitse pa siteji iti?" Ndati kumene kumachokera sukulu ya mu foni. Aseka onse, ngakhale a malole a matabwa ochokera ku Chikangawa.

Wotumiza ndalama pa foni: "Nkhuku siilowa umu, dada. Gulitsani kaye." Ndalama si moni! Ndalama umapereka kwa apolisi a pamsewu ukalakwa, kwa aphunzitsi umapereka chamoyo, achigwire ndi manja.

Tabwerera. Tambala ali ndi ludzu, ine mutu.

Lachinayi

Tsoka! Towera akuyankha funso, tambala walira pakati pa kalasi. Osati kamodzi. Timazenera tonse mano pamtunda. Ndathawa naye kuseri kwa chigafa cha fodya, ndam'vundikira dengu. Akulirabe m'dengumo.

Nanga akam'chotsa sukulu chifukwa cha phokoso? Kumeneko amachotsa bwanji? Amangotseka kazenera?

Akazi anga, NyaJere: "Musiyeni mwana wanu aphunzire, awiske Towera. Nkhukuyo tidye, mbwenu." Iwo saopa kanthu, n'chifukwa chake amanenepa.

Towera sakundiyankhula. Kapena akuwerenga. Masiku ano n'zovuta kusiyanitsa.

Lachisanu

Ngati tambala sangapite, aphunzitsi amuonere pomwepo. Ndavala jekete la ku tchalitchi. Kalasi itangoyamba ndagwada kumbuyo kwa Towera, tambala m'manja awiri.

"Adada, chonde!"

Mochedwa. Aphunzitsi andiona. Ndanena zonse: ndine bambo wake, mwana uyu ndi wanga, miyendo ndi yovuta koma mutu uli bwino chomene, musamuiwale. Towera akumasulira m'Chingerezi, maso pansi. Zake zafupika kwambiri. Ndikukayika ngati za miyendo wazinena.

Kenako netiweki yathawa. Nkhope ya aphunzitsi yauma pomwepo, kukamwa kuli yasa. Akwiya? Adabwa? Ndadikira chogwada mpaka maondo achita dzanzi. Tambala waipitsa jekete.

Loweruka

Phala silinalowe. Ndangoyendayenda pabwalo.

Masana uthenga wafika. Towera akuwerenga, akuseka mpaka misozi. Aphunzitsi akuti:
alandira ndi manja awiri,
Towera akum'dziwa kale, ndi amene sawapumitsa ndi mafunso,
za miyendo samadziwa n'komwe (wawadziwitsa ndine!),
tambala ndiwasungire.

Wa imvi uja akufunsa ngati tambala walipira fizi. Wosaona uja akuti mwa onse a m'kalasi, ndi tambala yekha amene amamveka bwino.

Yewo, Chiuta. Ndadya.

Lamulungu

Tabwerako ku tchalitchi, tapeza tambala wajompha chimanga choyanika, wapalasa mpiru wa NyaJere. Kum'gema ndi mwala sindingathe, ndi wa aphunzitsi. Kumupha ayi. NyaJere akum'yang'ana ndi diso limene sindikulikonda. M'mwamba muli kabawi wogwira nkhuku. Ku Jenda akuti chitopa chayamba kupha nkhuku.

Towera ali pakhonde, akukonzekera za mawa, akuyimba. Ndamufunsa kuti sukuluyi itha liti. Akuti zaka zinayi.

Zaka zinayi!

Mawa ndiyamba khola.