A Peterson ndi Mafumu Awo Oyenda Wapansi

Kuno ku Chintheche mukangotchula a Peterson Kachingwe, anthu amayamba kuseka musanamalize dzina. Ndi bambo aja ankayendetsa mafumu atatu a mtengo mumsewu wa tala, wapansi, chaka ndi chaka, ngati munthu woperekeza akamwini.

Anali Mkatolika wa ku Mtakataka. Boma linawatumiza kuno kudzatiphunzitsa kulima chinangwa, ife obadwira m'chinangwa. Atapuma ntchito sanabwerere kwawo, anamanga kanyumba pafupi ndi mphambano ya ku Makuzi. Mafumuwo anabwera nawo m'katoni: Gasipari, Melikiyori ndi Balitazari, osemedwa bwino, aliyense msinkhu wa botolo la mafuta ophikira.

Ine Watson Longwe ndine dikoni wa pa Bandawe, ndipo sukulu ndinalekera pamene masamu anayamba kusakanikirana ndi zilembo. Ife Khirisimasi yathu ndi tsiku limodzi: kupemphera, mpunga, kwatha. Koma ya Akatolika ili ndi mutu, thunthu ndi mchira. Amayamba ndi Adiventi, masabata anayi ongodikira. Mwana akabadwa kumabwera tsiku la Stefano, la Ana Osalakwa, la Banja Loyera, mpaka Epifaniya, Lamulungu loyamba Nyuwere ikadutsa, pamene mafumu amafika pa khola. A Peterson ankati kuika mafumu m'khola tsikulo lisanakwane n'kunamiza mpingo. Ndiye pa 25, anzawo akudya, iwo ankanyamuka nawo kunyumba. Tsiku lililonse kamtunda pang'ono, kenaka odi pakhomo la munthu, mafumu agone. Akatolika mumsewu umenewu ngowerengeka, choncho mafumu ankagona kwa ife Apresibeteriya.

Tsiku lina ndinakumana nawo atawabereka m'chitenje, mvula ikuwakhuthukira pamutu, ambulera atafunditsa mafumu.

"Ada Peterson, minibasi ndi iyo. Bwanji osangowakweza?"

"Baibulo lanu likuti anakwera minibasi?"

"Nanga likuti anali atatu?"

"Mphatso zinali zingati?"

"Zitatu."

"Ndiye wachinayiyo anabwera chimanjamanja? Ameneyo anali wa mpingo wanu."

Kwa mayi Stella a golosale mafumu anagona pa shelefu, pakati pa sopo ndi machesi. M'mawa dalaivala wa lole anafunsa mtengo wa Balitazari. A Peterson atamva anapita kukalapa m'malo mwa dalaivalayo.

Chaka china kunabwera wansembe wachinyamata amene anati mafumu alowe pa Khirisimasi pomwepo, anthu ajambule zithunzi zokwanira.

"Abambo," anatero a Peterson, "inu mwangochokera ku Mzuzu, pa galimoto, mukudandaula kale msana. Awa akuchokera ku Perisiya."

Wansembe anagonja.

Nyumba yanga ndi yomaliza musanafike pa tchalitchi chawo, ndiye Loweruka lomaliza mafumu ankagona kwa ine. Ndinkanyada nazo. Mkazi wanga Phillis ankachita kuwayalira nsalu yoyera pa tebulo. Koma chimodzi chinkandizunguza mutu. Epifaniya ikatha, a Peterson pobwerera nawo sankadzera pakhomo panga. Ankazungulira m'minda ya chinangwa, m'matope ofika m'mawondo, ndipo tikakumana sabata imeneyo moni wawo unali wa pamphuno. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikudzifunsa: kodi ndi mphemvu zathu? Kodi Phillis anawalakwira mawu?

Ndinakafunsa a Winston, katekisiti wawo. Anayamba atsokomola kaye, kenaka n'kuyang'ana kudenga.

"Ada Longwe, inu simuwerenga Mateyu? Mafumu asanafike ku Betelehemu anaima kwa yani?"

Ndinakhala pansi.

"Ndipo pobwerera anadzera njira ina," anapitiriza. "Mpingo wonse umadziwa. Munthu akafunsa njira ya kutchalitchi timati, mukadutsa pa Herode mwafika."

Ndinapita kwa a Peterson ndodo ili m'manja.

"Ada, ine Herode? Ine woyendetsa mbale ya mgonero pa Bandawe?"

"Achimwene, wina ayenera kukhala Herode. Ndine ndinakumangirani nyumba pamenepo?"

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Herode weniweniyo anamuuza?"

Ndinalumbira kuti timitengo tawoto sitidzapondanso pakhomo panga. Chaka chotsatira ndinawadikira pakhonde kuyambira m'mawa, nditavala jekete ndi tayi, ndipo atati odi ndinawafunsa mokalipa kuti mwanayo wabadwira kuti. Anasangalala mpaka misozi. Anati chiyambire ulendowu sanaone Herode wodziwa ntchito ngati ine.

Mu Januwale wa 2014 a Peterson anafika Loweruka masana akupuma mobanika. Anaika mafumu pa tebulo, nakhala pa mpando, osathanso kudzuka okha. Tinapeza galimoto ya kuchipatala. Powakweza anandigwira malaya.

"A Herode, alendo anuwo mawa eyiti koloko. Asachedwe."

"Mudzawatenga nokha, ada. Ine ndili ndi mapemphero anga."

M'mawa wa Lamulungu uthenga unafika kuti atisiya. A Winston ndi akuluakulu a mpingo wawo anali atathamangira kuchipatala, ndipo palibe anakumbukira zoti mafumu akadali pa njira. Belu lawo linalira. Ine ndinayang'ana Phillis, Phillis anayang'ana mafumu.

"Mukudikira nyenyezi?" anatero, akundimangirira chitenje kumsana.

Ndinayenda wapansi. Chibadwire ndinali ndisanapondemo m'tchalitchi cha Katolika, ndipo madzi odalitsidwa a pakhomo aja ndinawalambalala poopa kulakwitsa. Anthu anacheuka. Mayi wina ananong'ona, "Herode!" Maso onse anali ofiira ndi kulira, koma mapewa anayamba kugwedezeka. Wansembe anaimitsa nyimbo, nandilozera khola. Sindinkadziwa kuti Gasipari amaima pati, ndinangowandanda pafupi ndi ng'ombe, onse kuyang'ana mwana. Eyiti koloko inali isanadutse.

Herode wa m'Baibulo analonjeza kuti nayenso adzapita kukagwadira mwanayo, koma sanapite. Ine ndinagwada. Podzuka anachita kundinyamula amayi awiri a kwaya.

Masiku ano mafumu aja amakhala m'kabati ya tchalitchi. Pa Epifaniya amawatulutsa, mapazi khumi, afika, Perisiya anayandikira. Khirisimasi ikadutsa, msewu umangokhala wa minibasi ndi malole, ndipo kuchokera ku Makuzi mpaka kuno palibe khomo lodikira odi. Akatolika nawo anandikhululukira popanda kundifunsa: palibenso wonditchula Herode. Tikakumana pa msika amachita kupinda bondo, "Mwe uli, agogo Longwe?"

Ndimayankha ndithu. Koma ndimachedwa kucheuka.