Waya wa Mahedifoni ndi Azakhali a Tadala

Mpaka lero ndikaona waya wa mahedifoni ukulendewera pakompyuta, ndimayang'ana kumbali. Nkhani yake ndi yochititsa manyazi, koma poti ndayamba kale, ndimaliza.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzira ku Nairobi. Ndinkagona ku Madaraka, masana n'kumakagwira ganyu yotaipa makalata pa ofesi ya bungwe lina la mpingo ku Lavington. Bwana wanga anali a Nachisale, mayi wa kwathu ku Malawi, wosaseka wamba. Vuto linali loti mtima wanga unagwera Tadala, mwana wa alongo awo, yemwe ankamulera iwowo. Popanda mawu awo, ukwati panalibe.

Ndinkadziwa kuti nkhani yotere amakaitula ndi amalume. Koma amalume anga anali ku Ntcheu, ndipo ine ndinatsimikiza mtima kuti ndikalankhula ndekha ngati mwamuna (safunsa anadya phula, ndikudziwa, musandikumbutse).

Ndiye ndinayamba kuyeseza. Anzanga a ku ofesi akapita kukadya, ndinkadzijambula mawu pakompyuta, kenako n'kumvetsera m'mahedifoni kuti ndikonze pomwe ndikuchita chibwibwi. Tsiku lachitatu ndinaona kuti pakufunika wondiyankha. Ndinayamba kudziyankha ndekha, ndi mawu a a Nachisale: kakhosomo kawo kaja asanalankhule, ndi "mwana iwe" wawo uja. Osanama, ndinkawatha.

Foni yanga inali ndi khalidwe: ukazula mahedifoni, nyimbo inkaima yokha. Ine ndinkangoti kompyuta, poti ndi yaikulu komanso yodula, ili ndi ulemu woposa pamenepo. Kuyesako kaye, ayi, sindinayese.

Lachisanu masana ndili mkati momvetsera, a Nachisale analowa atanyamula mafayilo. Mwana woleredwa bwino salandira katundu kwa wamkulu ali chikhalire. Ndinadzambatuka, manja onse awiri kutsogolo, waya uja n'kuzuka. Kompyuta sinauze pulogalamu ija kuti iime. Inangotumiza zonse kumasipika.

Mu ofesi monse munamveka kakhosomo. Kenako mawu anga, nditawapyapyalitsa: "Mwana iwe, Tadala wangayo ukamudyetsa chiyani? Mabuku?"

Mafayilo anali kale m'manja, ndipo kuwaponya pansi chikanakhala chipongwe chachiwiri. Ndinakoka waya wa magetsi ndi phazi, n'kuzimitsa fani. Ndinadina batani ndi chigongono, mawu n'kukwera. Anzanga a ku Kenya Chichewa sankamva, koma kakhosomoko anakazindikira bwinobwino. Wina anabisa nkhope m'nyuzipepala, wina anangondinong'oneza kuti pole, pepa wa Chiswahili, ngati ndaferedwa.

A Nachisale anakweza dzanja kuti ndileke. Anakhala pampando wanga n'kumvetsera zonse, mpaka pomwe "iwo" anavomera n'kunditcha mkamwini wanzeru (inde, ndinadziyamikiranso). Ine thukuta kamukamu, ndikuona ntchito ndi Tadala zikundipulumuka tsiku limodzi. Mantha ndinachita, sindikubisa.

Zitatha anandiyang'ana. "Ndiye kuti ndavomera kale?"

Ndinati ayi mayi, kunali kuyeseza chabe, ndipo ndapepesa. Koma poti manyazi anali atandithera, ndinawonjezera kuti za Tadala sindikuseka, ndikumufunadi, ndipo akandithamangitsa lero mawa ndibweranso.

Anatsokomola, kakhosomo kenikeni tsopano.

"Kutsokomolako mwakutha," anatero. "Koma ine sindikambirana ukwati ndi mnyamata, ngakhale ndi kompyuta. Aimbireni amalume anu."

Ndinawaimbira tsiku lomwelo. Amalume anayenda masiku angapo pabasi, anafika miyendo itatupa, ndipo asanamwe n'komwe madzi anauzidwa kale nkhani yonse. Anakana kundiyang'ana mpaka zokambirana zitatha.

Tadala ndi mkazi wanga tsopano, ndipo masipika ndimayamba ndazimitsa ndisanavale mahedifoni. Koma chilango sichinathe. Paphwando lililonse la pabanja, a Nachisale amandiitana pamaso pa ana anga kuti ndiwayesezere anthu aone. Ndikayamba kuzemba, amangotsokomola kamodzi, ine n'kuimirira.